PHUNZIRO LA 6: KUYEZA MOWA NDI CHAMBA PA NTCHITO

Cholinga cha phunziroli

Pakutha pa phunziroli aliyense athe kufotokoza zinthu zitatu izi:

1. Chifukwa chake ntchito zina zimafuna kuti wogwira ntchitoyo ayezedwe ngati wamwa mowa kapena wasuta chamba.
2. Zimene makina oyezera angathe kuona, ndi zimene sangathe kuona.
3. Ufulu umene wantchito ali nao pamene wayezedwa ndi kupezeka ndi vuto.

Mau oyamba

Ambiri a ife kuno ku Phalombe timadalira khasu. Komabe pafupifupi banja lililonse lili ndi wina wake amene amalandira malipiro kwa bwana. Ena ali m'maesiteti a tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo. Ena ndi alonda ku Limbe. Ena amayendetsa minibasi ndi malole pa mseu wochokera pa Chitakale kudzera pa Phalombe ndi pa Jali mpaka ku Zomba. Anyamata athu ambiri ali pa kabaza pa Migowi ndi pa Chiringa, ndipo enanso adapita ku Joni.

Amene adagwirako ntchito m'migodi ndi m'mafakitale akuluakulu a ku South Africa akudziwa kuti kumeneko munthu salowa pageti asanapumire m'kachipangizo koyeza mowa, ndipo nthawi zina amamuuza kuti apereke mkodzo kuti auyeze ngati muli chamba kapena mankhwala ena ozunguza bongo. Kuno kwathu apolisi a pamseu ali nato tizipangizo toyezera mowa. Tsono ndi bwino kuti nkhaniyi tiidziwiretu isanatigwere m'nyumba.

Pa nkhaniyi anthu amagawikana pawiri. Ena amati: "Ayezedwe basi, wosalakwa aopanji?" Ena amati: "Thupi ndi langa, bwana adagula mphamvu zanga, sadagule mkodzo wanga." Onsewa ali ndi mfundo. Chigawo 31 cha Malamulo oyendetsera dziko lino, amene tidayamba kuwatsata m'chaka cha 1994, chimati munthu aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito motetezedwa ndiponso mwachilungamo. Zinthu ziwirizi adaziika m'chigawo chimodzi. Sitingatenge chimodzi ndi kutaya chinzake.

Chifukwa chake kuyeza kumafunika

Pali ntchito zina zimene munthu akalakwitsa amavutika yekha. Wogulitsa tomato akawerenga chenje molakwika chifukwa cha matsire, wataya ndalama zake. Koma pali ntchito zina zimene munthu mmodzi amanyamula miyoyo ya anzake m'manja mwake. Dalaivala wa minibasi, dalaivala wa ambulansi yothamangira ku chipatala cha Holy Family ndi mayi wodwala pakati, woyendetsa thirakitala pa esiteti, woyendetsa chigayo, wamagetsi wokwera pa pholo, namwino wopereka mankhwala usiku, mlonda wosunga mfuti: onsewa akalakwitsa amalira ndi ena. Paja akulu adati nkhuyu zodya mwana zidapota akulu.

Mowa umachedwetsa maganizo. Diso limaona mwana akudumpha mseu, koma phazi limachedwa kufika pa buleki. Choopsa china ndi chakuti mowa umampatsa munthu mtima woti ali bwinobwino pamene sali bwino. Chamba nachonso chimasokoneza munthu pa kuyeza mtunda ndi nthawi, ndipo chikaphatikizana ndi mowa vuto limakula.

Lamulo la pamseu la m'chaka cha 1997 limaletsa kuyendetsa galimoto munthu ataledzera, ndipo lidaika malire a mowa m'magazi pa magalamu 0.08 m'mamililita 100 a magazi. Ambiri amaganiza kuti akagona pang'ono, akasamba madzi ozizira kapena kumwa tiyi wamphamvu, mowa watha. Si choncho ai. Chimene chimachotsa mowa m'thupi ndi chiwindi, ndipo chimagwira ntchito yake pang'onopang'ono, pafupifupi 0.015 pa ola limodzi. Choncho munthu amene wamwa kachasu mpaka kufika pa 0.20 pakati pa usiku, amafuna maola ngati 8 kuti atsike kufika pa malire a lamulo. Akadzuka 4 koloko m'mawa kukaimika minibasi pa siteji, amakhala akadali woledzera ngakhale akuyenda mowongoka. Kondakitala sangaone zimenezi ndi maso, okwera sangazionenso. Kachipangizo kokha ndiko kangaone.

Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2290, amaika nkhaniyi pansi pa lamulo lachisanu loletsa kupha. Amaphunzitsa kuti munthu woika moyo wake ndi wa anzake pa ngozi pamseu chifukwa cha kuledzera kapena kukonda liwiro ali ndi mlandu waukulu. Lamulo la m'chaka cha 1997 loona za chitetezo ndi umoyo pa malo a ntchito lidapatsa wolemba ntchito udindo woteteza antchito ake, ndipo lidapatsanso wantchito udindo wosamala moyo wake ndi wa anzake. Bwana amene akudziwa kuti dalaivala wake amabwera atalawa, koma amangompatsa makiyi chifukwa akufuna ndalama ya tsiku, ndi wolakwa pamodzi naye.

Tsono pa ntchito zotere kuyeza si nkhanza. Ndi njira imodzi yosamalira moyo wa mnzathu.

Kodi makinawa amaona chiyani?

Apa tiyenera kumvetsa bwino, chifukwa chilungamo chonse chagona pamenepa. Kuyeza mowa ndi kuyeza chamba ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Kachipangizo kopumiramo kamayeza mowa umene uli m'thupi nthawi yomweyo. Mowa ukatha m'magazi, kachipangizo sikaonanso kanthu. Munthu amene adamwa masese pa ukwati Loweruka masana, akabwera ku ntchito Lolemba m'mawa sapezeka ndi kanthu. Choncho kuyeza kumeneku kumayankha funso loyenera: kodi munthuyu angathe kugwira ntchito lero?

Kuyeza chamba mu mkodzo sikuyankha funso limeneli. Chimene chimaoneka mu mkodzo ndi zotsalira zimene thupi limatulutsa pambuyo pake. Kuledzera kwa chamba kumatha pa maola owerengeka, koma zotsalirazo zimakhala masiku angapo kwa munthu wosuta kamodzi, ndipo kwa wosuta tsiku ndi tsiku zingathe kuoneka mpaka mwezi wathunthu atasiya. Kunena kwina, mkodzo umanena zimene munthu adachita masiku apitawo, sunena ngati ali woledzera m'mawa uno.

Pasakhale wina womva molakwika. Kusuta chamba ndi mlandu m'dziko lino. Lamulo limene Nyumba ya Malamulo idavomereza m'chaka cha 2020 lidalola kulima chamba kwa okhawo amene ali ndi chiphaso, kuti chikagwire ntchito ya mankhwala ndi ya m'mafakitale. Silidalole kusuta. Koma taganizani za mnyamata amene wamva uphungu wa makolo ndi wa akulu a mpingo, nasiya kusuta masabata awiri apitawo kuti apeze ntchito. Mkodzo wake ungathe kumneneza ngati wosuta, pamene iye watembenuka kale. Wopereka chigamulo ayenera kudziwa zimenezi.

Pamene makina anganame

Makina alibe chidani ndi munthu, koma amalakwitsa. Kachipangizo kopumiramo kamafuna kukonzedwa ndi kuyesedwa nthawi ndi nthawi kuti kaziwerenga molondola. Munthu akangotsuka m'kamwa ndi mankhwala okhala ndi mowa, kapena akangomwa mankhwala ena amadzi, kachipangizo kangathe kuwerenga mowa wa m'kamwa m'malo mwa wa m'magazi. Nchifukwa chake odziwa ntchitoyi amadikira mphindi 15 kapena 20 ndi kuyezanso kachiwiri.

Timapepala toyezera mkodzo msangamsanga nato timasokonezeka. Munthu amene wamwa mankhwala a ululu kapena a chifuwa okhala ndi codeine amaoneka ngati wagwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo, chonsecho adalandira kwa dokotala. Chitsanzo china chikutikhudza kwambiri ife Amalawi. Mankhwala otalikitsa moyo otchedwa efavirenz, amene anthu ambiri a m'dziko muno ankamwa boma lisanayambe kuwasinthira ku dolutegravir m'chaka cha 2019, amadziwika kuti pa timapepala tina amaonetsa ngati munthu wasuta chamba pamene sadasutepo chibadwire. Taonani msampha wake. Kuti adziyeretse, wantchito ayenera kuulula pamaso pa kapitawo matenda amene sadauze ngakhale abale ake. Akakhala chete, achotsedwa ntchito ndi mbiri yoti ndi wachamba.

Pa chifukwa chimenechi, zotsatira za kuyeza koyamba si umboni wokwanira. Ziyenera kutsimikizidwa ku labotale imene ili ndi makina osiyanitsa bwino mankhwala, ndipo wofunsa wantchito za mankhwala amene akumwa akhale wachipatala wosunga chinsinsi, osati kapitawo kapena mlonda wa pageti.

Zimene malamulo athu amanena

Chigawo 21 cha Malamulo oyendetsera dziko chimateteza chinsinsi cha munthu, ndipo chimaletsa kusecha thupi lake, nyumba yake kapena katundu wake mwachisawawa. Kutenga mkodzo kapena magazi a munthu ndi kulowa m'chinsinsi cha thupi lake. Chigawo 19 chimateteza ulemu wa munthu, ndipo chigawo 20 chimaletsa tsankho. Ufulu umenewu ungathe kuchepetsedwa, koma chigawo 44 chimati pakhale chifukwa chomveka ndi chofunikadi. Kuteteza anthu okwera minibasi ndi chifukwa chomveka. Kufuna kungodziwa zimene kalaliki amachita kwake Loweruka si chifukwa chomveka.

Lamulo la za kulemba ndi kuchotsa anthu ntchito la m'chaka cha 2000, lotchedwa Employment Act, limanena zinthu zimene wantchito aliyense ayenera kuziloweza:

1. Chigawo 57: munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chenicheni chokhudza khalidwe lake, kagwiridwe kake ka ntchito kapena zosowa za kampani. Ndiponso asachotsedwe pa mlandu wa khalidwe asanapatsidwe mwai wodziteteza.
2. Chigawo 61: pa mlandu, amene ayenera kusonyeza chifukwa chochotsera munthu ndi bwana. Bwanayo ayeneranso kusonyeza kuti adachita mwachilungamo.
3. Chigawo 62: wochotsedwa ntchito mosayenera akadandaule ku ofesi ya leba ya m'boma lake pasanathe miyezi itatu. Nkhani ikakanika kumeneko imapita ku khoti la milandu ya za ntchito, la Industrial Relations Court, limene lingathe kulamula kuti munthu abwezeredwe pa ntchito kapena apatsidwe chipukuta misozi.

Miyezi itatu imatha msanga. Ambiri amataya ufulu wao chifukwa chokhala pakhomo kudandaula kwa anansi mpaka nthawi itadutsa.

Mfundo yoti munthu amvedwe asanaweruzidwe si yachilendo kwa ife. Pa bwalo la mfumu sagamula mlandu atamva mbali imodzi. Nikodemo adakumbutsa anzake mfundo yomweyi pa Yohane 7:51.

Palinso lamulo la za HIV ndi Edzi, limene aphungu adavomereza m'chaka cha 2017 ndipo lidayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2018. Lamuloli limaletsa bwana kukakamiza munthu kuyezetsa HIV kuti amlembe ntchito. Choncho ngati mwapereka mkodzo kapena magazi kuti ayeze mowa kapena chamba, palibe amene ali ndi mphamvu yoyezamo HIV mobisa. Chimodzimodzi amai: mkodzo woyezera chamba usasanduke njira yofufuzira amene ali ndi pakati kuti amchotse.

Milandu iwiri ya ku South Africa

Popeza ana athu ambiri ali ku Joni, ndi bwino kudziwa mmene makhoti a kumeneko adaonera nkhaniyi.

M'chaka cha 2023 khoti la za ntchito lidaweruza mlandu wa bambo wina wa pa mgodi wa kampani ya Samancor Chrome. Iye adachotsedwa ntchito chifukwa kachipangizo kopumiramo kadaonetsa mowa, koma magazi ake atayezedwa ku labotale sadapezeke ndi mowa. Khoti lidati kampani idalephera kutsimikiza mlandu, ndipo kuchotsedwa kwake sikudali kwachilungamo.

M'chaka cha 2024 khoti la apilo pa milandu ya za ntchito lidaweruza mlandu wa mai wina wogwira ntchito ya mu ofesi ku kampani ya Barloworld. Iye ankagwiritsa ntchito chamba kunyumba kwake, chinthu chimene kumeneko chidasiya kukhala mlandu kwa munthu wamkulu m'chaka cha 2018. Mkodzo wake udaonetsa chamba, koma panalibe umboni woti adabwerapo ku ntchito ataledzera, ndipo sankayendetsa makina oopsa. Khoti lidalamula kuti alipidwe malipiro a miyezi 24. Komabe lidanenetsa kuti chigamulochi sichikumasula anthu ogwira ntchito zoopsa.

Malamulo a kumeneko pa chamba ndi osiyana ndi athu, ndipo zigamulozi sizimanga makhoti a kuno. Koma phunziro lake ndi lomveka kulikonse: makina si woweruza, ndipo kukhwima kwa lamulo kulingane ndi kuopsa kwa ntchito.

Mfundo 7 za kuyeza kwachilungamo

Bungwe la za ntchito pa dziko lonse la ILO, limene dziko la Malawi ndi membala wake, lidatulutsa malangizo pa za mowa ndi mankhwala ozunguza bongo pa ntchito m'chaka cha 1996. Malangizowa amalimbikitsa kuti mabwana ndi antchito apangire limodzi ndondomeko, kuti chinsinsi chisungidwe, ndi kuti uchidakwa uonedwe ngati vuto la umoyo. Potsata mzimu umenewu pamodzi ndi malamulo athu, tingathe kuyesa kuyeza kulikonse ndi mfundo izi:

1. Lamulo lidziwike kale. Lilembedwe, lifotokozedwe m'Chichewa kapena m'chilankhulo chimene antchito amamva, ndipo antchito kapena bungwe lao anenepo maganizo ao.
2. Kuyeza kukhale pa ntchito zimene zili ndi ngozi yeniyeni, kapena pamene pali zizindikiro zooneka, kapena pachitika ngozi.
3. Lamulo likhale limodzi kwa onse. Ngati dalaivala akupumira m'kachipangizo, manijala woyendetsa galimoto ya kampani apumirenso. Paja khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Lamulo loopa akuluakulu ndi kugwira aganyu okha silingalemekezedwe.
4. Kuyeza kusakhale chida chobwezera. Wantchito amene wafunsa za malipiro ake, kapena mai amene wakana zofuna za kapitawo, asamapezeke kuti ndiye woyezedwa sabata iliyonse.
5. Ulemu usungidwe. Mkodzo uperekedwe pa malo obisika, mai ayang'aniridwe ndi mai mnzake, botolo litsekedwe ndi kulembedwa dzina mwini wake akuona.
6. Zotsatira zitsimikizidwe ndi kusungidwa mwachinsinsi. Zisamatidwe pa bolodi, zisakhale nkhani ya pa tiyi.
7. Munthu amvedwe asanalangidwe, ndipo aloledwe kubwera ndi mnzake womthandiza kulankhula.

Tisiyanitse zinthu ziwiri. Kumletsa dalaivala kuyendetsa galimoto lero chifukwa kachipangizo kaonetsa mowa ndi koyenera nthawi yomweyo, pakuti moyo sudikira mlandu. Koma kumchotsa ntchito ndi nkhani ina, imene ifuna umboni ndi bwalo.

Kulanga kapena kuthandiza?

Munthu amene wayendetsa galimoto yodzaza anthu ataledzera, akudziwa lamulo, wapalamula mlandu waukulu ndipo angathe kuchotsedwa ntchito. Chifundo sichitanthauza kumbwezera makiyi. Komabe Employment Act, pa chigawo 56, imatchulanso zilango zina monga chenjezo lolembedwa, kuimitsidwa ntchito kwa kanthawi ndi kutsitsidwa pa udindo. Si mlandu uliwonse umene ufuna nkhwangwa.

Uchidakwa ndi matenda amene amachizika. Wantchito amene wabwera yekha kudzanena kuti mowa wamgonjetsa ayenera kuthandizidwa, osati kuthamangitsidwa. Akaona kuti woulula amachotsedwa, enawo amabisa mpaka tsiku la ngozi. Chithandizo chimayambira ku chipatala cha pafupi, chimene chingathe kutumiza munthu ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Abale a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe nawonso amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi chamba.

Tifunsenso chimene chimakankhira antchito ku zinthu zimenezi. Mlonda wogwira usiku wonse popanda tsiku lopuma, dalaivala amene mwini galimoto wamuikira ndalama yoti abweretse tsiku lililonse zivute zitani, mnyamata wopalasa njinga ndi matumba a nandolo kuyambira m'bandakucha: ena mwa iwo amanamizana kuti chamba chimapatsa mphamvu ndi kuchotsa tulo. Bwana amene amagula kachipangizo koyezera koma osapatsa antchito ake nthawi yopuma wachiza chilonda pamwamba pokha. Dalaivala wosagona ndi woopsa ngati woledzera, ndipo tulo sitioneka mu mkodzo.

Tikumbukirenso kuti ambiri a kuno sadzaona kachipangizo koyezera pa ntchito yao. Pa kabaza, pa chigayo cha m'mudzi, pa bwato la pa nyanja ya Chilwa, palibe geti ndipo palibe labotale. Kumeneko woyeza ndi ife tomwe: wapampando wa siteji, mwini chigayo, wokwera amene wamva fungo la kachasu. Kukana kukwera ndi ufulu wathu. Kumuuza mnzathu kuti lero apumule ndi udindo wathu. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Tchulani ntchito za m'dera lanu zimene munthu mmodzi amasunga miyoyo ya anthu ambiri. Kodi ndani amaonetsetsa kuti munthuyo sadamwe?
2. Fotokozani kusiyana kwa kuyeza mowa mu mpweya ndi kuyeza chamba mu mkodzo. Chifukwa chiyani kusiyanaku kuli kofunika poweruza mlandu?
3. Mwana wanu wabwera kunyumba atachotsedwa ntchito tsiku lomwelo limene adayezedwa, osafunsidwa kanthu. Mungamlangize kuti achite chiyani, apite kuti, ndipo pasanathe nthawi yaitali bwanji?
4. Mwakwera minibasi pa Migowi ndipo mwaona kuti dalaivala walawa. Chimatiletsa kulankhula nchiyani? Tingathandizane bwanji okwera tonse?
5. Ena a ife tili ndi antchito: wa pa chigayo, wa pa njinga yamoto, mlonda, wa m'nyumba. Kodi timawamva tisanawachotse? Kodi timawapatsa nthawi yopuma?

Zoti tichite

Mphakati uliwonse usankhe anthu awiri, bambo ndi mai, oti akafunse kumene kuli ofesi ya leba ya boma lathu ndi masiku amene imalandira madandaulo, adzafotokoze pa msonkhano wotsatira. Komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ya parishi ikumane ndi atsogoleri a kabaza a pa siteji yapafupi, amve mavuto ao, ndipo agwirizane chochita ndi mnzao wobwera ku ntchito ataledzera. Amene muli ndi ana kapena amuna ku Joni, kapena m'maesiteti, auzeni kuti afunse lamulo la pa ntchito pao lisanawagwire, asunge mapepala a ku chipatala a mankhwala amene akumwa, ndipo asasaine chikalata chimene sadachimve.